Masensa ozimitsa eyakoni m'chipinda chopanda anthu: kodi ofesi ya ku Kasungu ingapindule nawo?

Funso: Ndimayang'anira ofesi ya bungwe lina lothandiza alimi kuno ku Kasungu boma. Nyumba yathu ndi yapansi, yofolera malata, ndipo zipinda 7 zili ndi maeyakoni. Kuyambira Seputembala mayuniti sachedwa kutha, ndiye mu Juni anthu amabweranso ndi mahita. Kwabwera bambo wina wochokera ku Lilongwe ndi koteshoni ya masensa oti azizimitsa okha eyakoni m'chipinda mukakhala mulibe munthu. Akuti ndalama ya magetsi itsika ndi 30 peresenti. Abwana andituma kuti ndifufuze tisanasayine. Kodi n'zoona? Ndine mayi wa ku Kasungu.

Yankho: Zikomo mayi, ndipo abwana anuwo achita bwino kusathamangira kusayina. Masensawo amagwiradi ntchito, bamboyo sakukugulitsani bodza. Koma 30 peresentiyo palibe angakutsimikizireni asanaone mmene zipinda zanu zimagwiritsidwira ntchito. Sensa siichepetsa magetsi amene eyakoni imadya munthu ali m'chipinda. Ntchito yake ndi imodzi, kudula maola amene makina amaziziritsa mipando yopanda anthu. Ngati maola oterowo ndi ambiri pa ofesi panu, mupindula ndithu. Ngati anthu anu amazimitsa kale akamatuluka, mukhala mwagula kapulasitiki kokongoletsa siling'i basi.

Ziwerengero zambiri zimene amalonda amayenda nazo m'zikwama zinachokera m'nyumba zosiyana kwambiri ndi yanu. Ku America ndi ku Ulaya, ofesi yaikulu yosanja kawirikawiri siikhala ndi eyakoni m'chipinda chilichonse. Pamakhala makina aakulu padenga kapena pansi pa nyumba, amene amaziziritsa mpweya n'kuukankhira m'mipope yodutsa m'siling'i. Pachigawo chilichonse cha nyumbayo pamakhala kabokosi kotsegula ndi kutseka njira ya mpweya, ndipo akatswiri amatchula dongosololi kuti VAV. Kabokosiko kawirikawiri sikatsekeratu, chifukwa malamulo amafuna kuti mpweya wabwino wakunja uzilowabe. Ndiye chipinda chikakhala chopanda anthu, mpweya wozizira umalowabe, chipinda n'kuzizira mopitirira, kenaka chotenthetsera cha m'kabokosimo n'kuyaka kuti chibweze kafundidwe. Mwalipira kuziziritsa, mwalipiranso kutenthetsa, m'chipindamo mulibe ndi mmodzi yemwe. M'nyumba yotere sensa imapeza zambiri zoti idule, n'chifukwa chake malamulo osamala magetsi m'nyumba a bungwe la akatswiri la ku America, otchedwa ASHRAE 90.1, mu 2019 anayamba kufuna kuti zipinda zina za maofesi zizitseka mpweya anthu akatuluka.

Mu 2013, akatswiri a Pacific Northwest National Laboratory ku America anawerengetsa pa kompyuta nyumba zikuluzikulu za maofesi za mtundu umenewu. Anapeza kuti masensa wamba, ongodziwa kuti muli munthu kapena mulibe, amapulumutsa pafupifupi 6 peresenti ya mphamvu zonse zimene nyumbayo imadya, pamene masensa apamwamba owerenga kuti muli anthu angati amafika pafupifupi 18 peresenti. Ngakhale kumeneko sensa wamba sinayandikire 30, ndipo phindu lalikulu linaoneka m'madera ozizira, kumene kutenthetsa mpweya wakunja kumadya zambiri. Kasungu si kumeneko.

Maeyakoni anu ndikhulupirira ndi aja a zigawo ziwiri, china pakhoma mkati, china panja, zolumikizidwa ndi timipope tamkuwa. Amenewa satenga mpweya wakunja, amangozunguliza wa m'chipinda momwemo. Choncho ngati pa koteshoni pali masensa a CO2, amene amayeza mpweya umene timatulutsa popuma kuti adziwe kuchuluka kwa anthu, afufuteni, palibe chimene angalamule m'nyumba yanu. Ndipo mufunse bamboyo kuti 30 peresentiyo ndi ya chiyani. Ya magetsi onse, kapena ya maeyakoni okha? Ngati maeyakoni amadya theka la mayuniti anu, kutsitsa zonse ndi 30 peresenti kukutanthauza kudula magetsi a maeyakoniwo ndi 60 peresenti. N'zotheka pa ofesi imene makina amagona akuyaka. Pa ofesi ya anthu osamala n'zosatheka.

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo manambala awa ndi chitsanzo choti muikemo anu. Pa chigawo chapanja cha eyakoni pali chomata cholembedwa kukula kwake. Ya 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yoziziritsira), imene imapezeka m'maofesi a munthu mmodzi kapena awiri, imakoka pafupifupi kilowati imodzi kompulesa (injini yopopa gasi woziziritsa) ikamalira, kutanthauza yuniti imodzi pa ola. Ya 18,000 imakoka pakati pa 1.5 ndi 2, ya 24,000 imafika 2 kapena kudutsa. Kompulesa siilira osapuma. Chipinda chikazizira imaima kapena kubweza moto, choncho pa ola lathunthu imadya mocheperapo. Tsopano tengani chipinda cha misonkhano chokhala ndi ya 24,000. Mesenjala amayatsa 8 koloko pokonza mipando, n'kuzimitsa 5 koloko poweruka, maola 9. Misonkhano yeniyeni tinene kuti imatenga maola 2 pa tsiku. Pa maola 7 otsalawo sensa ikhoza kudulapo 5. Tikati pa ola lopanda anthu makinawo amadya mayuniti 1.2, ndiye kuti ndi mayuniti 6 pa tsiku, 132 pa masiku 22 a ntchito. Chipinda chimodzi chimenecho. Koma m'chipinda cha akawuntanti, amene amakhala pampando kuyambira m'mawa n'kungotuluka pa nkhomaliro, sensa yomweyo ipezamo mwina mphindi 40 pa tsiku. Mtengo wa sensa ndi umodzimodzi m'zipinda ziwirizi, ndipo pa koteshoni zonse 7 zalembedwa pa mzere umodzi.

Mwina mwadabwa kuti pa maola 7 ndangowerengera 5. Sensa imayenera kudikira kaye isanazimitse, komanso pali nkhani ya njerwa. Eyakoni ikazima malata sasiya kutentha. Kutenthako kumatsika kudzera m'siling'i n'kulowa m'makoma, m'matebulo ndi m'mafayilo, ndipo anthu akabwerera makina amayamba alimbana ndi kutentha kosungika kumeneko. Apa ndi pamene panachokera mphekesera yoti kusiya eyakoni ikuyaka tsiku lonse n'kotchipa kuposa kuzimitsa ndi kuyatsanso. Si zoona. Chipinda chozizira chimalowetsa kutentha kwa panja mofulumira kuposa chipinda chofunda, ndiye ola lililonse limene mwachisiya chifunde, kutentha kolowa kumachepa. Choona n'chakuti kuzimitsa kwa mphindi 10 sikubweretsa phindu looneka. Phindu lili pa maola otalika: msonkhano wa theka la tsiku ku khonsolo, ulendo wa ku Chamama kapena ku Nkhamenya, usiku, Loweruka ndi Lamlungu.

Usiku ndi kumathero a sabata ndiye muyang'anitsitse, chifukwa pali dzenje limene mabuku akunja salitchula, poti kwawoko magetsi sathimathima. Maeyakoni ambiri a masiku ano amakumbukira mmene analili magetsi asanapite, ndipo akabwera amadziyatsa okha. Lachisanu 3 koloko masana magetsi apita. M'zipinda muli zii, tinyali tobiriwira ta pa makina tazima, aliyense akuona ngati zonse n'zozimitsa. Wina wosamala wadina rimoti potuluka, koma makina opanda magetsi sanamve kanthu. 5 koloko mwakiya n'kumapita. 7 koloko madzulo magetsi abwera, makina atatu kapena anayi ayamba okha, mawindo ali otseka, mpaka Lolemba m'mawa. Amenewo ndi maola 60. Ngakhale makina atamadya theka la yuniti pa ola poti usiku kunja kumazizirako, ndi mayuniti 30 pa makina amodzi. Woyamba kufika Lolemba amangomva kuti m'chipinda muli bwino, osadziwa kuti mwazizira masiku awiri. Sabata ili ndi maola 168 ndipo ofesi imakhala ndi anthu osakwana 50 mwa amenewo, choncho kuwonongeka kwakukulu nthawi zambiri kumabisala kunja kwa nthawi ya ntchito. Dzenje limeneli silifuna sensa. Likufuna munthu mmodzi wopatsidwa udindo wozimitsa switchi yapakhoma ya eyakoni iliyonse poweruka, magetsi alipo kapena kulibe.

Musanagule kanthu, mita yanu ikuuzeni zoona. Kwa masabata awiri, lembani mayuniti otsala pa kabokosi kolowetsera manambala kaja kawiri pa tsiku, potsegula ndi potseka. Lembaninso maola amene magetsi anazima, apo ayi tsiku lopanda magetsi lidzaoneka ngati tsiku limene anthu anasamala kwambiri. Kusiyana kwa nambala ya madzulo ndi ya m'mawa wotsatira ndi zimene nyumba imadya anthu kulibe. Zina mwa izo n'zoyenera, monga nyali za panja, furiji, seva ndi makina a intaneti. Kuti mudziwe zoyenerazo ndi zingati, sankhani madzulo amodzi muyende nokha chipinda ndi chipinda kuzimitsa maeyakoni onse pakhoma, komanso giza ngati ilipo, ndi makina a madzi akumwa aja otenthetsa ndi kuziziritsa. Nambala ya usiku umenewo ndiyo muyeso wanu. Usiku uliwonse wodutsa pamenepo, china chake chinatsala chikuyaka.

Za masana zimafuna pepala ndi munthu wokhulupirika. Lembani mizere, zipinda 7 pamwamba, maola m'mbali. Ola lililonse mesenjala azidutsa n'kuchonga zinthu ziwiri: makina akuyaka kodi, ndipo muli munthu kodi? Musalengeze kuti mukufufuza, chifukwa anthu akadziwa amasamala kwa masabata awiriwo kenaka n'kubwerera ku zakale. Komanso pepalalo lisakhale loyalutsira munthu pa msonkhano wa Lolemba, mudzadana ndi ofesi yonse musanagule n'komwe. Pomaliza werengani mabokosi amene makina ankayaka koma munthu mulibe. Amenewo okha ndiwo maola a masana amene sensa ingadule. Chitani izi mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala mvula isanagwe, pamene masana kutentha kumadutsa madigiri 30. Ndipo kumbukirani kuti bungwe la alimi limayenda ndi nyengo: msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, kapena nthawi yogawa mbewu ndi feteleza ikafika, maofesi a alangizi amakhala opanda anthu masiku athunthu, pamene mwezi wolemba malipoti amadzaza.

Pepalalo likadzadza, mudzaona kuti zipinda zanu zagawikana zokha. Chipinda cha misonkhano ndi maofesi a anthu oyendayenda, kuphatikizapo ya abwana amene amatuluka "pang'ono" n'kubwera dzuwa litapendeka, ndi mmene sensa imabweza ndalama yake. Chipinda chachikulu chokhala anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi sichikhala chopanda munthu masana, wina amatsala nthawi zonse, ndiye mmenemo taima yozimitsa pa ola loweruka ikwanira, ndipo marimoti ambiri ali nayo kale taimayo, anthu sadziwa chabe. Chipinda cha seva musachikhudze. Makina amenewo amatulutsa kutentha usana ndi usiku, munthu alipo kapena palibe, ndipo amafuna mpweya wa pakati pa madigiri 18 ndi 27. Chimodzimodzinso stolo yosungiramo mbewu kapena mankhwala ngati inaikidwa eyakoni dala. Ku chipinda cha mafayilo samalani mu Januwale ndi Febuluwale: eyakoni imachotsanso chinyezi, ndipo chipinda chotsekedwa masiku ambiri nthawi ya mvula chimayamba kununkha nkhungu. Mankhwala ake ndi kutsegula mawindo tsiku lowala, osati kuyatsa makina sabata yonse.

Tsopano za masensa enieniwo. Otsika mtengo ambiri ndi a mtundu wa PIR, omwe aja a pa nyali za panja zoyaka munthu akadutsa. Saona munthu monga imaonera kamera. Amamva kutentha kwa thupi kukamasuntha kuchoka mbali ina ya diso lawo kupita ina. Munthu amene wakhala phee kuwerenga lipoti, kapena akungogwedeza zala pa kompyuta, sensa imamuiwala. Siona kuseri kwa kabati, siona kudutsa galasi, ndipo imamva bwino munthu wodutsa chopingasa kuposa wobwera molunjika kwa iyo. M'chipinda chotentha kwambiri, makoma akayandikira kafundidwe ka khungu la munthu, mphamvu yake imachepa. Aliponso a rada, amene amamva ngakhale kusuntha kwa chifuwa munthu akamapuma. Amenewo samuiwala munthu wokhala phee, koma amanamizidwa ndi fani yozungulira kapena katani youluka, ndipo amatha kumva munthu wodutsa kuseri kwa khoma la mabolodi. Njira imene ine ndimaikonda m'maofesi a munthu mmodzi ndi imene mahotela amagwiritsa ntchito: PIR pamodzi ndi kaswitchi ka pachitseko. Chitseko chikatsekedwa, sensa n'kumva kusuntha kamodzi kokha, imadziwa kuti munthu ali mkati mpaka chitsekocho chitatsegulidwanso. Kaswitchi komweko kangaikidwe pawindo kuti makina aime wina akatsegula.

Poiika, isayang'ane pakhomo lotseguka, apo ayi aliyense wodutsa mukhonde azisungitsa makina akuyaka. Isakhale pomwe mpweya wa eyakoni umawomba, kapena moyang'anizana ndi windo lolowa dzuwa. Iyang'ane mpando.

Chimene chimapindulitsa kapena kuluzitsa kwambiri ndi mmene mwaiuzira kuti izichitira. Uzani woikayo kuti mukufuna izizimitsa yokha koma isamayatse yokha. Munthu akafuna kuzizira atenge rimoti ayatse. Mukailola kuyatsa yokha, wosesa akalowa 6 koloko m'mawa makina ayamba, wobwera kudzangotenga fayilo makina ayamba, ndipo mu Meyi, pamene munthu akanangotsegula windo, makina ayambanso. Sensa yotero imatha kukweza mayuniti m'malo mowatsitsa. Nthawi yodikira ikhale mphindi 15 mpaka 20. Mukaika mphindi 5 pofuna kupulumutsa zambiri, makina azizimira anthu ali mkati, ndipo pasanathe mwezi mudzapeza diso la sensa lamatidwa ndi selotepi kapena wa zamagetsi waitanidwa mwakachetechete kudzailambalala. Ngati chipangizocho chingathe, ndi bwino chizichita kawiri: pakapita mphindi 20 chikweze muyeso kufika madigiri 27 kapena 28, pakapita ola chizimitsiretu. Wobwerera msanga amapeza chipinda chisanafunde kwambiri ndipo sadandaula.

Funso limene anthu ambiri safunsa ndi lakuti sensayo ilankhula bwanji ndi eyakoni. Njira yachidule, imene ambiri amathamangira, ndi kudula magetsi onse opita ku makina pogwiritsa ntchito kontakita, switchi yaikulu yolamulidwa ndi sensayo. Imagwira, koma ndi yankhanza. Kompulesa ikaima imafuna mphindi pafupifupi 3 isanayambenso, kuti gasi wa m'mipope akhazikike, ndipo makina a inverter, amene ali ndi bolodi yosintha liwiro la kompulesa, sakondwa kudulidwa magetsi ali pakati pa ntchito kangapo pa tsiku. Kuthimathima kwa magetsi kumawavutitsa kale. Njira yabwinopo ndi kachipangizo kotumiza uthenga womwe rimoti imatumiza, kuti makina azime mwaulemu monga anapangidwira. Ngati n'kotere, funsani ngati kamagwirabe ntchito intaneti ikadula, chifukwa tina timadalira Wi-Fi pa chilichonse. Njira yachitatu ndi kulumikiza sensa pa malo amene opanga makinawo anasiya dala pa bolodi, ngati alipo. Ndipo musanalipire, tengani timabuku ta maeyakoni anu muwerenge. Ena amabwera ndi diso lawo kale. A Daikin okhala ndi Intelligent Eye amasuntha muyeso ndi madigiri 2 akaona kuti mwapita mphindi 20 mulibe munthu, Panasonic ili ndi Econavi, Mitsubishi Electric ili ndi i-see. Batani lake limakhala pa rimoti, nthawi zambiri pansi pa kachivundikiro kamene palibe anakatsegulapo.

Za mahita, mwachita bwino kuwatchula, chifukwa pa ola limodzi amadya kuposa maeyakoni ambiri. Hita ya fani kapena ya mafuta nthawi zambiri imakhala ya mawati 2,000, mayuniti 2 pa ola ikamayaka mosalekeza, kuwirikiza kawiri eyakoni ya 12,000 BTU. Atatu otere pansi pa matebulo, kuyambira 7:30 mpaka 11 koloko m'mawa wa Julayi, ndi mayuniti oposa 20 pa tsiku. Koma apa ndikanize motsindika: musalumikize hita ku sensa yoyatsa yokha. Hita imene yasunthidwa ndi wosesa n'kutsamira bokosi la mapepala kapena katani, ikayaka popanda munthu woiyang'ana, ndi moto umenewo. Komanso masensa a nyali sanapangidwire katundu wolemera chonchi, amapsa. Chofunika pa hita ndi switchi ya nthawi, yoti munthu akadina iyake ola limodzi n'kuzima yokha, yokhoza kunyamula maampu 13 kapena 16, ndipo hitayo ilowe pa soketi yapakhoma, osati pa ekisitenshoni yomwe ili kale ndi kompyuta ndi ketulo.

Yang'ananinso marimoti anu ngati ali ndi kachizindikiro ka dzuwa. Ngati kalipo ndipo makinawo ndi otenthetsanso, ndiye muli kale ndi hita yabwino kuposa ya pansi pa tebulo. Eyakoni ikamatenthetsa simapanga kutentha ndi waya wofiira, imakutenga panja n'kukulowetsa mkati, ndipo pa yuniti imodzi ya magetsi imapereka kutentha kwa mayuniti pafupifupi 3. Ikani pa madigiri 20 kapena 21, sensa yomwe ija izizimitsa anthu akatuluka. Ingopewani kuika pa Auto, chifukwa masana kukafunda makina amatembenuka okha n'kuyamba kuziziritsa chipinda chimene mwalipira kuchitenthetsa m'mawa. Mita ikakuuzani kuti usiku wa Juni mayuniti akupita, mwina ndi alonda akuwotha hita kapena kambaula ka magetsi. Musanawakalipire, kaimeni panja 3 koloko m'bandakucha mwera ukuwomba. Jekete lochindikala ndi bulangete zimatchipa kuposa mayuniti a miyezi iwiri.

Pali zina zosafuna ndalama zimene zimapindulitsa ngakhale munthu ali m'chipinda, komwe sensa siifikako. Chachikulu ndi nambala ya pa rimoti. Tonse tikuwadziwa akuluakulu amene amaika 16 kenaka n'kuvala jekete. Kuika 16 sikufulumizitsa kuzizira pa makina wamba, kumangochititsa kompulesa kusapuma, chifukwa mu Okutobala pansi pa malata chipinda sichidzafika pa 16. Ku India, bungwe la boma la Bureau of Energy Efficiency linalamula kuti kuyambira Januwale 2020 maeyakoni atsopano azituluka m'fakitale ataikidwa pa madigiri 24, ndipo limawerengera kuti digiri iliyonse yokwezedwa imapulumutsa pafupifupi 6 peresenti. Ku Japan, mu 2005 boma linayamba kulimbikitsa madigiri 28 m'maofesi nthawi yotentha, anthu n'kuvula tayi ndi jekete. Ku Kasungu kutentha kwa Okutobala ndi kouma, choncho 25 kapena 26 pamodzi ndi fani imakwanira anthu ambiri, ndipo fani yapadenga imadya mawati osakwana 100. Kuchoka pa 18 kufika pa 25 m'zipinda zonse 7 kungakupatseni zochuluka kuposa masensa a m'zipinda zokhala anthu tsiku lonse.

Kenaka fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, tsegulani chivundikiro cha kutsogolo, solorani timasefa tiwiri tija, mutitsuke ndi madzi masabata awiri alionse. Mukatiyang'ana padzuwa kuwala osadutsa, makina akhala akupuma movutikira. Chigawo chapanja nachonso chitsukidwe ndi wodziwa ntchitoyo kamodzi kapena kawiri pa chaka. Mawindo a timagalasi topingasa aja, ngati alipo, satseka kwenikweni, ndipo chitseko chosiyidwa chotsegula kuti makasitomala aone kuti muli anthu chimaziziritsa khonde. Ngati pamwamba pa siling'i palibe chotchinga kutentha, funsani mtengo wake pamodzi ndi wa masensa, muyerekeze. Chimenecho chimagwira ntchito maola onse a dzuwa ndipo sichipsa ndi mphezi.

Ngati muli ndi jenereta, masamu amasintha. Jenereta ya dizilo imamwa pafupifupi lita imodzi pa mayuniti atatu alionse, ndipo ikakhala yaikulu koma yonyamula katundu wochepa imamwa moposerapo. Gawani mtengo wa lita patatu, muyerekeze ndi mtengo wa yuniti wa pa lisiti yanu ya ESCOM, muona kusiyana kwake. Ola lopanda munthu limene ladulidwa pa jenereta ndi lamtengo wapatali kuposa la pa mita. 

Powerengera ngati ndalama ibwerera, tengani mayuniti a pa pepala lanu pa chipinda chilichonse, muchulukitse ndi mtengo wa yuniti, kenaka ndi miyezi imene eyakoni imagwiradi ntchito, osati 12. Mtengo wa sensa, mawaya, kuika ndi chotetezera ku kulumpha kwa magetsi muugawe ndi phindu la pa chaka limenelo. Chipinda chimene chikubweza m'zaka ziwiri kapena kucheperapo, gulani. Chimene chikufuna zaka zisanu chisiyeni, chifukwa tizipangizo totere, pakati pa fumbi, mphezi ndi magetsi obwera mwamphamvu, sitingadaliridwe kukhala nthawi yaitali choncho, ndipo wokonza ali ku Lilongwe.

Ndikanakhala pa mpando wanu, ndikanayamba ndi masabata awiri a mita ndi pepala, kenaka mwezi umodzi wa switchi yapakhoma, madigiri 25 ndi timasefa totsuka, n'kuwerenganso mita. Zotsalazo ndizo za sensa. Ndiye ndikanauza bamboyo kuti aike m'zipinda ziwiri zokha, cha misonkhano ndi ofesi imodzi ya woyendayenda, aikenso kamita kakang'ono pa waya wa eyakoni iliyonse mwa ziwirizo, kayambe kuwerenga masabata awiri sensa isanalumikizidwe ndi masabata awiri italumikizidwa, m'nyengo imodzimodzi. Pa pepala la mgwirizano palembedwe mtundu wa sensa, nthawi yodikira, mmene ikulumikizidwira ku makina, switchi yoilambalala ikawonongeka kuti chipinda chisakhale chopanda eyakoni, ndi amene adzabwere ku Kasungu kudzakonza pa ndalama ya yani. Mufunsenso amene anakugulitsani maeyakoniwo ngati kulumikiza kotereku sikuthetsa galanti yawo. Zipinda zina zisanuzo zidikire manambala a ziwirizi.